Zolakwika za mtundu wa zinthu mu array ya bolodi la chess

Munthu amene akuphunzira Java, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, akayamba kulemba masewera a chess, kawirikawiri amapanga bolodi ngati array, kutanthauza mndandanda wa timabokosi tosungamo zinthu, motere: Object[][] bolodi = new Object[8][8]. Maganizo akewo ndi omveka, popeza m'timabokosi 64 timeneti muyenera kukhala zidutswa zosiyanasiyana monga mfumu, mfumukazi ndi hatchi, ndipo Object imalandira chilichonse. Vuto limaonekera akalemba bolodi[0][1].mayendedwe() pofuna kudziwa kumene hatchi ya pa b1 ingalumphire (Java imayamba kuwerenga timabokosi pa 0). Compiler, pulogalamu imene imamasulira code kuti kompyuta iimve, imakana chifukwa sidziwa kuti m'kabokosimo muli hatchi. Chimene ikudziwa n'chimene munaiuza polengeza array ija, kuti muli Object, ndipo Object ilibe mayendedwe.

Ambiri amathamangira ku cast, kutanthauza kuuza compiler mtundu wa chinthucho, n'kulemba (Hatchi) kutsogolo kuti compiler isadandaulenso. Njira imeneyi sindiikonda ngakhale pang'ono, chifukwa cholakwacho sichinathe, changobisala kudikira nthawi yosewera. Hatchi ikachoka pa b1 kupita pa c3, kenaka rook n'kudzaima pa b1, mzere wa code womwe uja umagwetsa pulogalamu ndi ClassCastException masewera ali mkati.

Chofunika ndi kupanga abstract class imodzi (class yokhala ngati kholo la ma class ena), tinene kuti Chidutswa, yokhala ndi method ya mayendedwe(), ndipo Mfumu, Hatchi, Pawn ndi zinzake zichokere kwa iyo, chilichonse chikhale ndi malamulo akeake a kayendedwe. Mukalengeza Chidutswa[][] bolodi = new Chidutswa[8][8], cast sifunikanso, chifukwa Java imasankha yokha method yoyenera malinga ndi chidutswa chimene chili m'kabokosi pa nthawi imeneyo.

Kumbukirani kuti mzere wa code umenewu supanga chidutswa ngakhale chimodzi. Timabokosi tonse timayamba tili null, kutanthauza topanda kanthu, ndipo ngakhale mutayala zidutswa 32 zoyambira, timabokosi 32 tapakati timakhalabe null, choncho muziyamba mwaona ngati kabokosi kali ndi kanthu, apo ayi mukumana ndi NullPointerException.

Msampha umene umasautsa kwambiri ndi wa mzere wachiwiri wa bolodi. Poti mzerewu umayamba ndi ma pawn 8 okhaokha, wina amalemba bolodi[1] = new Pawn[8], ndipo compiler imavomera chifukwa mu Java array ya Pawn imaloledwa kuima m'malo mwa array ya Chidutswa. Masewera amayenda bwinobwino kufikira bishop itasuntha kuchoka pa f1 kupita pa e2. Pamenepo pamatuluka ArrayStoreException, chifukwa mzerewo unapangidwa kuti uzisunga ma pawn basi. Mzere uliwonse upangidwe ngati new Chidutswa[8], ma pawn aikidwemo pambuyo pake limodzilimodzi.