Khansa ya chikhodzodzo: musanakane kemo, ndiponso musachedwe kusankha

Pali mawu amene akuyenda kwambiri pakati pa odwala khansa ndi owadikirira, akuti munthu akamuika pa kemo ndiye kuti madokotala atopa naye, ndipo mankhwalawo amangomufulumizitsa kumanda. Chifukwa cha mawu amenewa, odwala ena amene dokotala wawauza kuti ayambe alandira kemo (chemotherapy, mankhwala opha khansa odzera m'dripi) kenako achitidwe opaleshoni yochotsa chikhodzodzo amapempha kuti akayambe aganiza kunyumba, ndipo amabweranso patatha miyezi yambiri matenda atakula. Uthenga uno ndi wa inu amene mwauzidwa kuti khansa yalowa m'minofu ya chikhodzodzo, pamodzi ndi abale anu amene muzikambirana nawo nkhaniyi.

Zoyambitsa matendawa tizitchule mwachidule. Kusuta fodya ndiko kumayambitsa pafupifupi theka la khansa za chikhodzodzo m'mayiko ambiri, ndipo mankhwala ena a m'mafakitale opanga utoto ndi labala nawonso amathandizira. Kwathu kuno likodzo ndilo vuto lalikulu, makamaka kwa amene anakulira m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, kufupi ndi Nyanja ya Chilwa, kapena m'chigwa cha Shire. Mazira a tizilombo ta likodzo amakanirira m'khoma la chikhodzodzo ndi kulitupitsa kwa zaka zambiri mpaka khansa imayamba. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri ndi magazi mumkodzo, kawirikawiri popanda ululu uliwonse. Munthu wamkulu amene akukodza magazi, wamwa mankhwala a likodzo a praziquantel koma magaziwo sakusiya kapena akubwererabwerera, asamangoti ndi likodzo la masiku onse. Apite akayezedwe, chifukwa kuchedwa kwa odwala ambiri kumayambira pamenepa.

Dokotala akalowetsa kachubu kokhala ndi kamera m'njira ya mkodzo, amapala chotupacho ndi kutumiza kachidutswa kake ku labotale. Zotsatira zikasonyeza kuti khansa yadutsa kachikopa ka m'kati ndi kulowa m'minofu, kupala kokha sikukwanira, ndipo chithandizo chodziwika bwino ndi kuchotsa chikhodzodzo chonse. Vuto ndi lakuti pa nthawi imeneyi timaselo ta khansa tingakhale titayenda kale ndi magazi kupita kwina, tating'ono kwambiri moti ngakhale sikani siingatione. Mpeni wa dokotala umachotsa zimene zili pamalo amodzi, pomwe mankhwala odzera m'dripi amazungulira thupi lonse ndi kupha timaselo tobisalato. Amaperekedwa opaleshoni isanachitike chifukwa pa nthawiyo thupi limakhala lidakali ndi mphamvu. Opaleshoni yochotsa chikhodzodzo ndi yaikulu, ndipo ambiri akaichira amakhala ofooka kwa miyezi moti sangathenso kulandira mankhwalawo. Choncho dokotala akakuuzani za kemo musanachitidwe opaleshoni, dziwani kuti akufuna kuchiza matendawo, sanakutayeni ayi. Kemo ya munthu amene khansa yafalikira kale thupi lonse ndi nkhani ina, ndipo anthu ambiri amasokoneza ziwirizi.

Phindu lake linayezedwa. Kafukufuku wa ku America wotchedwa SWOG 8710, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2003, anatsatira odwala 317. Theka la amene anayamba ndi mankhwala linakhala ndi moyo kupitirira miyezi 77, pomwe kwa amene anangochitidwa opaleshoni yokha chiwerengerocho chinali miyezi 46. Pa odwala 100 aliwonse amene analandira mankhwala, 38 sanapezeke ndi khansa m'chikhodzodzo chimene chinachotsedwa, poyerekeza ndi 15 mwa enawo. Mu 2005 akatswiri anaphatikiza akafukufuku 11 okhudza odwala oposa 3,000, ndipo anapeza kuti mankhwala ophatikiza okhala ndi cisplatin amawonjezera anthu pafupifupi 5 pa 100 aliwonse amene amakhala ali moyo pakatha zaka 5. Sitikubisirani kuti phinduli si lalikulu kwambiri, ndipo palibe amene angakulonjezeni kuti inuyo mudzakhala mmodzi mwa asanuwo. Koma ziwerengero zimenezi zikutsutsa mphekesera yakuti kemo imafupikitsa moyo wa odwala amenewa.

Komabe si wodwala aliyense amene ayenera kulandira mankhwalawa, ndipo apa m'pofunika kumvetsera bwino. Akafukufuku tatchulawa anachitika makamaka pa mtundu wa khansa wotchedwa urothelial, umene ndi wofala ku Ulaya ndi ku America. Khansa yobwera chifukwa cha likodzo nthawi zambiri imakhala ya mtundu wa squamous, umene sumva bwino mankhwala amenewa, moti kwa wodwala wotero madokotala kawirikawiri amapita molunjika ku opaleshoni. N'chifukwa chake funso loyamba lofunsa dokotala ndi lakuti, “Kodi pepala la ku labotale likuti khansa yanga ndi ya mtundu uti?” Musayerekeze chithandizo chanu ndi cha mnzanu wa pabedi loyandikana nalo, chifukwa matenda anu angakhale osiyana ngakhale onse ali m'chikhodzodzo.

Chachiwiri ndi impso. Cisplatin amatuluka m'thupi kudzera mu impso ndipo angathe kuziwononga, choncho magazi anu amayezedwa kaye kuti aone mmene impsozo zikugwirira ntchito. Amene impso zawo zafooka, amene makutu awo samva bwino, amene ali ndi dzanzi lalikulu m'manja ndi m'mapazi, kapena amene mtima wawo ukulephera kupopa bwino, nthawi zambiri sapatsidwa cisplatin, ndipo kwa iwo opaleshoni yachangu ndiyo njira yabwino. Ngati mumamwa ma ARV, mudziwitseni dokotala wa khansa tsiku loyamba, chifukwa tenofovir amene ali mu mankhwala a TLD nayenso amakhudza impso. Musasiye ma ARV panokha. Dokotala ndiye aone ngati pakufunika kusintha.

Tibwerere ku kuchedwa kuja, chifukwa ndiko kukutidetsa nkhawa kuposa china chilichonse. Chotupa cha m'chikhodzodzo chikamakula chimatseka timipaipi totsitsa mkodzo kuchokera ku impso, mkodzo umabwerera, impso zimatupa ndi kuyamba kufooka. Munthu amene lero impso zake zikumuyenereza kulandira cisplatin angabwerenso patatha miyezi inayi atataya mwayi umenewo, ndipo mwinanso chotupacho chitamatirira ziwalo zina moti ngakhale opaleshoni singathekenso. Kafukufuku wasonyeza kuti kwa amene sakulandira kemo, kudikira kupitirira masabata 12 asanachitidwe opaleshoni kumachepetsa mwayi wochira. Kuvomera kemo ndi chisankho, kupempha opaleshoni yokha mutamva zonse ndi chisankhonso chimene dokotala angachilemekeze, koma kupita kumudzi osanena tsiku lobwerera n'kuisiyira khansa kuti ikusankhireni. Tikudziwa kuti m'mabanja ambiri nkhani yaikulu chonchi siigamulidwa popanda amalume kapena mwini mbumba. Aimbireni foni sabata yomweyo, kapena bwerani nawo kuchipatala kuti adzadzimvere okha kwa dokotala. Mapemphero apitirire, palibe amene akuletsa, koma achitike tsiku la kuchipatala lisanaphonyedwe. Zitsamba zomwa n'zoopsa kwambiri pa nthawi imeneyi, chifukwa zina zimawononga impso zomwezo zimene tikufuna kuziteteza. Mapilitsi a ululu ogula pagolosale monga ibuprofen ndi diclofenac nawonso musamwe musanafunse.

Mukavomera, mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi gemcitabine pamodzi ndi cisplatin. Amaperekedwa m'magawo a masabata atatuatatu, magawo atatu kapena anayi, kutanthauza miyezi pafupifupi itatu, ndipo opaleshoni imatsatira patatha masabata angapo thupi litapeza mphamvu. Funsani msanga ngati mankhwala a magawo onse alipo komanso ngati tsiku la opaleshoni lasungidwa, ndipo konzekerani za mayendedwe ngati mumakhala kutali ndi chipatala chachikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Queen Elizabeth ku Blantyre, chifukwa kudumphadumpha magawo kumachepetsa mphamvu ya chithandizo. Nseru, kutopa, kusafuna kudya ndi kuthothoka kwa tsitsi zimachitika, ndipo zambiri mwa izi zimatha mankhwala akatha. Pali mankhwala oletsa kusanza, apempheni. Imwani madzi ambiri monga momwe anamwino akuuzirani. Choopsa kwenikweni n'chakuti kemo imachepetsa asilikali a m'thupi, makamaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 mutalandira dripi. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena mukayamba kunjenjemera, musangomwa Panado kapena kuganiza kuti ndi malungo wamba. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ndipo nenani kuti muli pa kemo. Chitaninso chimodzimodzi mkodzo ukachepa kwambiri, mukamasanza chilichonse chimene mwamwa, kapena mwendo umodzi ukatupa. M'makutu mukayamba kulira, muuzeni dokotala gawo lotsatira lisanayambe.

Pali kuchedwa kwina kumene kumabwera kumapeto. Mankhwala akagwira ntchito, magazi mumkodzo amasiya, ululu umachepa, ndipo wodwala amayamba kuganiza kuti wachira, choncho opaleshoni ndi yosafunikanso. Ena amaopa thumba la mkodzo limene limaikidwa pamimba chikhodzodzo chikachotsedwa, ndipo manthawo ndi omveka. Koma kusiya kwa magazi sikutanthauza kuti khansa yatha, ndipo ngakhale sikani yooneka bwino singatsimikize zimenezo. Ziwerengero za phindu la kemo za kafukufuku wa SWOG 8710 zija n'za anthu amene analandira mankhwala ndi cholinga chochitidwa opaleshoni pambuyo pake. Ngati thumba ndilo likukuopsani, pemphani namwino akuonetseni mmene limamatidwira ndi mmene limasamalidwira, funsani kumene matumba ena muzikawapeza, ndipo funsaninso ngati kupala chotupa kophatikiza ndi radiotherapy (kuwotcha khansa ndi cheza cha makina) ndi kemo, njira imene imasunga chikhodzodzo kwa odwala ena osankhidwa bwino, kungatheke kwa inu. Mafunso amenewa afunseni gawo loyamba la mankhwala lisanayambe, ndipo musachoke m'chipinda cha dokotala tsiku lobweranso lisanalembedwe m'buku lanu la kuchipatala.