Kambuku woyera si mtundu wapadera

M'magulu a WhatsApp mumabwerabwera chithunzi cha kambuku woyera wamizeremizere (tiger pa Chingerezi), ndi uthenga wakuti ndi mtundu wapadera umene ukutha, ndipo malo osungirako nyama akuupulumutsa pouchulukitsa. Zimenezi ndi zabodza.

Nyamayi ndi kambuku wa ku Bengal yemweyo, ndipo imabadwa yoyera pokhapokha makolo onse awiri akhale ndi chibadwa chimenecho. Ambiri osungidwa m'makola ndi zidzukulu za kambuku woyera wamwamuna wotchedwa Mohan, amene anagwidwa ku Rewa, India, mu 1951. Pofuna ana oyera, oweta amakweretsa nyama zapachibale, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ana ambiri amabadwa ndi maso opotoka kapena msana wokhota. N'chifukwa chake bungwe la AZA, loyang'anira malo osungirako nyama ku America, linaletsa mamembala ake kuchita zimenezi mu 2011.

Musanakhulupirire, fufuzani pa mndandanda wa nyama zimene zili pachiopsezo wa IUCN, bungwe lapadziko lonse loteteza zachilengedwe, ndipo simudzapezapo kambuku woyera payekha. Chonde, lekani kutumiza uthengawu.