Uthenga wa zaumoyo kwa ophika chigumu, masikono ndi keke pakhomo kuno ku Dedza

Mu June ndi July kukazizira, nkhungu itaphimba phiri la Dedza, tiyi wopanda chomwera sakoma. Pa Bembeke, pa Linthipe, pa Chimbiya ndi ku Mayani, dzuwa limatuluka mabeseni a zitumbuwa, mandasi ndi chigumu atafika kale pamsika. Uthengawu ndi wanu amayi, abambo ndi achinyamata amene mumaphikira banja zotsekemerazi, komanso inu amene mumapezera sopo ndi fizi m'geni imeneyi. Sitikukuletsani kuphika. Chophika nokha chimaposa chogula chifukwa mumadziwa zimene mwathiramo. Koma ambiri timakhulupirira kuti chilichonse chikadutsa pamoto chayera, ndipo apa ndi pamene timaphonya. Moto umapha tizilombo tambiri, koma suchepetsa shuga amene mwathira, ndipo suchotsa poizoni wa chuku.

Zakudyazi zinachokera kuti?

Chigumu, chimene ena amati chikondamoyo, ndi chathu ndithu: mgaiwa, nthochi, soda ndi makala. Mandasi ndi a kugombe la kum'mawa kwa Africa, kumene Aswahili amati mandazi. Masikono kwawo ndi ku Scotland, ndipo anafala kuno m'nthawi ya amishoni ndi atsamunda. Keke yakale ya ku England yotchedwa pound cake inatenga dzina pa muyeso wake: paundi imodzi ya ufa, paundi ya batala, paundi ya mazira ndi paundi ya shuga. Paundi imodzi ndi magalamu pafupifupi 450, ndiye kuti shuga anali pafupifupi theka la paketi ya kilogalamu mu keke imodzi. Kastadi wa ufa amene timagula m'golosale anapangidwa koyamba mu 1837 ndi Alfred Bird wa ku Birmingham, chifukwa mkazi wake ankadwala akadya mazira. Bambo yemweyu anapanganso baking powder mu 1843. Nayo cheesecake imene alendo amaimira ku Dedza Pottery ili ndi mizu yake kutali, kwa Agiriki akale.

Mbiriyi tikuitchula pa chifukwa chimodzi. Makeke olemera shuga ndi batala chonchi anali chakudya cha paphwando, pa nthawi imene shuga anali wodula. Ngakhale kwathu kuno, agogo angakuuzeni kuti mpunga, buledi ndi keke zinkaoneka pa Khirisimasi kapena paukwati. Lero shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa ali pa okala iliyonse, ndipo chimene chinali cha kamodzi pachaka ena tikudya tsiku ndi tsiku, miyeso yake osasintha.

Tiwerenge masupuni

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira patsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo limati kutsika mpaka masupuni 6 n'kwabwino koposa. Tsono tawerengani nokha. Tiyi wam'mawa masupuni atatu, wamadzulo atatunso, akwana 6. Botolo limodzi la chakumwa choziziritsa kukhosi la mamililita 300 lili ndi masupuni pafupifupi 8. Kapu imodzi ya shuga imene mumakhuthulira m'beseni la keke ndi masupuni aang'ono pafupifupi 50, kotero mukaidula keke ija zidutswa khumi, chidutswa chilichonse chanyamula masupuni asanu. Munthu amadutsa muyeso dzuwa lisanafike paliwombo, mwini wake akuti sanadye chotsekemera chilichonse chodandaulitsa.

Shuga wochuluka amaonjezera thupi, ndipo kunenepa kwambiri, makamaka kwa pamimba, kumatsegulira njira matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Si shuga yekha amene amayambitsa matendawa. Zakumtundu, msinkhu ndi kukhala osagwiritsa ntchito thupi zilinso ndi gawo lake. Komabe pa zonsezi, supuni ndi imene ili m'manja mwanu. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi matenda a shuga. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Amenewa si matenda a anthu a m'tauni okha ayi.

Ena amati shuga wathu ali ndi vitamini A, choncho ndi mankhwala. N'zoona kuti vitamini A amathiridwa mu shuga ndi m'mafuta ophikira ogulitsidwa m'dziko muno, koma anaikidwamo kuti kochepa komwe timadya kale katipindulire, osati kuti tizithira masupuni asanu. Vitamini yemweyo ali mu mbatata yofiira mkati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, m'maungu, m'mapapaya, m'mango ndi m'masamba obiriwira. Kwa inu amene anakupezani kale ndi matenda a shuga, dziwani kuti uchi ndi shuga wofiirira amakweza shuga m'magazi chimodzimodzi ndi woyera, ndipo ufa woyera wa tirigu nawo umasanduka shuga msanga m'thupi. Funsani kuchipatala kukula kwa chidutswa chimene mungadye.

Keke sikana kufufuma chifukwa mwachepetsako shuga. Pamene mumathira kapu yodzaza, yambani ndi kusiya gawo limodzi mwa magawo anayi. Pakatha milungu ingapo lilime limazolowera, ana osazindikiranso kusiyana. Chigumu ndiye sichifuna n'komwe shuga ngati nthochi zapsa bwino. Tengani nthochi zinayi zimene makoko ake ayamba madontho akuda, muzikanye ndi foloko mpaka zisalale. Thiranimo makapu awiri a mgaiwa wosefa, dzira limodzi, masupuni aakulu awiri a mafuta, kamchere kotsina ndi zala, supuni yaing'ono imodzi ya soda ndi kapu ya chambiko. Kuwawasa kwa chambiko ndi kumene kumadzutsa soda kuti chigumu chifufume. Pakani mafuta m'poto, thiranimo, vundikirani, makala ochepa pansi, ochulukirapo pa chivundikiro. Pakatha mphindi 40 kapena kuposerapo, bayani pakati ndi mpeni. Ukatuluka wouma, chapsa. Mbatata yofiira yophika n'kukanya ingathe kulowa m'malo mwa gawo lina la ufa m'masikono ndi m'mandasi, ndipo imabwera ndi kutsekemera kwake. Nyengo ya mapichesi, adulireni pamwamba pa keke m'malo mopaka shuga wa icing. Soda musachulutse: chigumu chimachita chikasu n'kumamveka ngati sopo, komanso soda ali ndi sodium, yemweyo amene amachititsa kuti mchere ukweze BP.

Chuku: mdani amene moto sumugonjetsa

Apa tikupemphani mumvetsere kwambiri, chifukwa vutoli silioneka ndi maso nthawi zonse. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa zisanaume bwino, kapena zikanyowa m'nkhokwe ndi m'matumba, zimamera chuku. Mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Akatswiri anamutulukira nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa chodya chakudya chokhala ndi mtedza woonongeka. Poizoniyu amapirira kutentha. Mukazinge mtedza, musinje, muike mu uvuni, wambiri amatsalabe. Akamalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka, amaononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, makamaka kwa amene ali ndi kachilombo ka Hepatitis B, ndipo akatswiri amamugwirizanitsanso ndi kupinimbira kwa ana.

Chimene chimatiwawa mtima n'chakuti m'makomo ambiri mtedza wabwino, wonenepa, umapita kwa mavenda, ndipo wotsala pansi pa lichero, wonyala, wosweka ndi wakuda, ndi umene umasinjidwa kukhala nsinjiro ndi chiponde cha ana. Ndiwonso umalowa m'mabisiketi a mtedza. Mtedza wotere ndi umene umasunga poizoni wochuluka. Khalani pansi ndi lichero poyera, pamene pali kuwala, musankhe njere imodziimodzi. Wonyala, wofumbwa, wosintha mtundu, wa ufa wobiriwira kapena wowawa mukaluma, tayani m'dzenje. Musapatse nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka, chifukwa poizoniyu amatha kudutsa mpaka mumkaka. Chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe poswa chisiyeni, pakuti chinyezi chimenecho ndi chimene chuku chimafuna. Matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma; ikani pa thandala. Nsinjiro sinjani zochepa zoti zithe m'masiku owerengeka. Mgaiwa wonunkha chinyezi kapena woundana mibulu si wophikira chigumu, ngakhale nthochi zingabise fungo lake.

Mazira, mkaka ndi mafuta

Ana amakonda kunyambita mthiko ndi beseni la keke isanalowe pamoto. Akanizeni. Dzira losaphika likhoza kukhala ndi tizilombo ta Salmonella, toyambitsa kutsegula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi, ndipo ufa wosaphika nawo si wotetezeka. Dzira long'aluka kapena lonunkha tayani. Muziswera lililonse m'kapu padera musanaliphatikize ndi zinzake. Mkaka wochokera kukhola uwire kaye, ngakhale umene mukufuna kuwawasitsa, chifukwa wosawiritsa umafalitsa TB ya ng'ombe ndi matenda ena. Kastadi ndi keke ya kirimu zisakhale kunja kwa furiji kupitirira maola awiri. Inu ophika keke za ukwati ndi chinkhoswe, kumbukirani kuti keke imatha tsiku lonse mu holo yotentha, ndipo magetsi akazima usiku furiji imakhala kabati chabe. Ngati mulibe pozizira podalirika, sankhani keke yopanda kirimu wa mkaka kapena dzira losaphika pamwamba.

Mafuta okazingira mandasi ndi zitumbuwa akada, akayamba thovu, kununkha kapena kufuka utsi msanga, atha ntchito. Kuthira atsopano pa akale sikuwakonza. Tikudziwa kuti mafuta akwera mtengo, ndipo kutaya n'kowawa. Njira yake ndi kukazingira m'chiwaya chaching'ono ndi mafuta ochepa, moto wapakatikati, n'kumasefa nyenyeswa zopserera.

Mbaula m'nyumba yotseka

Kuzizira kwa kuno kumatikopa kulowetsa mbaula m'nyumba, kutseka chitseko ndi mawindo, chigumu chikupsa ife tikuotha. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka ndiponso sununkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenako munthu amangogona osadzukanso. Phikirani pakhonde kapena m'khitchini yodutsa mphepo, ndipo musagone ndi mbaula ya moto m'chipinda, ngakhale makala ataoneka ngati azilala. Wina akayamba zizindikirozi, mutulutseni panja msanga ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Chivundikiro cha makala musachiike pansi pamene mwana akukwawa. Wina akapsa, thirani madzi oyera ozizira pa balalo kwa mphindi 20. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta kapena dothi. Bala lalikulu, la kumaso, la m'manja kapena la mwana wamng'ono ndi la kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa ogulitsa

Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo manja osasamba ndi madzi osatetezeka ndi njira zake zazikulu. Sambani m'manja ndi sopo musanakande ufa, mukachoka kuchimbudzi ndiponso mukasintha mwana thewera. Beseni likhale lovundikira, kuti ntchentche ndi fumbi la pamsewu zisatere. Dzanja lolandira ndalama lisagwire mandasi; tolani ndi foloko, ndipo ogula asamasankhe ndi zala. Jumbo musaitsegule poiuzira ndi pakamwa. Nyuzipepala si yokulungira zamafuta zotentha, inki yake imatsalira pa chakudya. Tsiku limene mwatsegula m'mimba kapena muli ndi chilonda pachala, aphike wina.

Ana aang'ono

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha. Wosakwana zaka ziwiri safunika shuga wothira m'phala kapena m'chakudya china. Nthochi yokanya, mbatata kapena papaya zimukwanira. Uchi musampatse mwana wosakwana chaka chimodzi. Agogo, tikudziwa kuti kachidutswa ka keke ndi chikondi chanu kwa mdzukulu, koma kapatseni atatha kudya nsima ndi ndiwo, osati m'malo mwake, ndipo asagone asanatsuke mano. Shuga wokhalitsa m'kamwa ndi amene amabowola mano, choncho kudya kamodzi n'kutsuka kuli bwino kusiyana ndi kumangotsinatsina tsiku lonse.

Pitani mukayezetse

Ngati mukumva ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi makamaka usiku, mukuonda osadziwa chifukwa, mukutopa msanga, maso akuchita chifunga, mapazi akuchita dzanzi kapena chilonda chikuchedwa kupola, musadikire. Kuyeza shuga ndi kadontho kamodzi ka magazi a pachala, ndipo zotsatira zimatuluka nthawi yomweyo. Kuthamanga kwa magazi kawirikawiri sikuonetsa chizindikiro chilichonse, choncho yezetsani BP ngakhale mukumva bwino, makamaka ngati mwapyola zaka 40, muli oyembekezera, kapena kubanja kwanu alipo wodwala matendawa. Maso akachita chikasu, mimba ikatupa kapena kupweteka kumanja pansi pa nthiti, kaonetseni chiwindi. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Pakafunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha boma pa Dedza. Popita tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala alionse amene mukumwa.