Mzinda uja sunagumuke: mmene amapangira mafilimu opulumutsa dziko

Loweruka lina masana ndikudikira kabaza pa Kamuzu Road, mnyamata wa zaka ngati 12, yemwe amandidziwa kuti ndimajambula maukwati, anandikoka malaya. Anali atangotuluka m'kanyumba koonetsera mafilimu, maso akuphethiraphethira chifukwa cha dzuwa. "Ankolo, mzinda ujatu augumula wonse. Ndiye anthu ake akugona kuti?" Filimu yake inali ya mtundu uja ana amaukonda: nkhani ikuchitika zaka zambiri kutsogolo, maloboti aukira anthu, mkulu wa zigawenga watsala pang'ono kuphulitsa dziko lonse, ndipo akila, ngwazi ya m'filimuyo, watsala ndi anzake atatu basi. Mwanayo sankaseka. Ankawadandaula ndithu anthu aja.

Ntchito yanga ndi kudula ndi kulumikiza zithunzi pa kompyuta: maukwati, nyimbo za makwaya, timauthenga ta malonda. Njira zomwe ndimagwiritsa ntchito muno mu Salima ndi zomwezo zomwe akuluakulu a ku Hollywood amagwiritsa ntchito, kungoti iwo ali ndi anthu mazanamazana komanso ndalama zochuluka. Ndiye yankho lomwe ndinam'patsa mwana uja ndikufuna ndilitambasule pano, chifukwa akuluakulu ambiri nawonso amandifunsa zomwezi, ena mpaka kunena kuti ndi matsenga.

Choyamba n'chakuti filimu siyenda. Ndi zithunzi zongoima, zondondozana mwachangu moti diso limanyengeka. Mafilimu ambiri amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti filimu ya maola awiri ili ndi zithunzi 172,800. Chilichonse mwa zithunzi zimenezi munthu angathe kuchitsegula, kufufutamo chinthu, kuwonjezeramo china, n'kuchibwezera pamzere. Luso limeneli ndi lakale kuposa kompyuta. Mfalansa wina dzina lake Georges Méliès ankaimitsa kamera, kusintha zinthu, n'kuyambanso kujambula, munthu n'kuoneka ngati wazimiririka, ndipo mu 1902 anali atapanga kale filimu ya anthu opita ku mwezi.

Tsono mzinda uja. Wosewera amaima kutsogolo kwa nsalu yobiriwira, kapena khoma lopakidwa penti wobiriwira. Pa kompyuta timaiuza pulogalamu kuti paliponse pamene pali mtundu umenewo pachotsedwe, pakhale pobowoka, ndipo m'malo mwake timaikamo chithunzi china: mzinda woyaka, chipululu, nyenyezi. Anasankha mtundu wobiriwira chifukwa uli kutali ndi khungu la munthu, kaya ndi wakuda kaya ndi mzungu, komanso chifukwa makamera ambiri a masiku ano ali ndi timaso tozindikira mtundu wobiriwira tochuluka kawiri kuposa tozindikira wofiira kapena wabuluu, motero amautola mosalala. Wosewera akavala zobiriwira amagwiritsa ntchito nsalu yabuluu. Ndinajambulapo kwaya ya amayi yomwe zitenje zake zinali ndi masamba obiriwira. Kompyuta inachotsa nsalu ya kumbuyo pamodzi ndi masamba a m'zitenje, nyanja yomwe tinaika kumbuyo n'kumaonekera m'chiuno mwa amayiwo. Tinabwereza tsiku lina ndi nsalu yabuluu.

Koma kuchotsa nsalu n'kosavuta, ngakhale foni imatha masiku ano. Pamene pagona ntchito ndi pa kuwala. Aliyense amene anakhalapo ku Senga Bay amadziwa kuti dzuwa la m'mawa likamatuluka m'nyanja limakhala lofiirira, limamenya munthu mbali imodzi ya nkhope, chithunzithunzi chake n'kutalika mpaka kukafika kumitengo. Dzuwa la 12 koloko limagwa pamutu, chithunzithunzi chimabisala kunsi kwa mapazi, ndipo mchenga umabweza kuwala pachibwano. Munthu wojambulidwa m'chipinda ndi nyale zamagetsi ukamuika pagombe la masana, ngakhale mwana amaona kuti pali cholakwika, angalephere kungochitchula dzina. Diso la munthu linaphunzira zimenezi kuyambira ali kumsana. N'chifukwa chake pojambula mafilimu akuluakulu mumapezeka munthu atanyamula mipira iwiri, wina wotuwa wina wonyezimira ngati kalilole. Amaijambula pamalo pomwe paime loboti, kuti a pa kompyuta adziwe komwe kuwala kukuchokera ndi mphamvu yake. Pansalu yobiriwira paja amamatapo timizere ta tepi, kuti kamera ikamayenda kompyuta iwerengere kayendedwe kake, mzinda wabodzawo uziyenda mofanana. Kupanda kutero nyumba zimatsetsereka kumbuyo kwa munthu ngati bwato.

Loboti nayo imamangidwa pang'onopang'ono ndi magulu osiyanasiyana. Ena amaumba thupi lake mu kompyuta monga woumba mbiya, ena amalipaka dzimbiri, zokandika ndi mafuta, ena amaliikira mafupa ndi mfundo kuti lizipindika, ndipo ena amaliyendetsa. Kawirikawiri munthu weniweni amavala chovala chothina chokhala ndi timadontho, makamera n'kumatsatira timadonthoto, kenako mayendedwe ake amapatsidwa kwa loboti. Pamapeto kompyuta imawerengera mmene kuwala kukugwera pa chitsulo chilichonse, ndipo chithunzi chimodzi chokha chingatenge maola angapo. Makampani aakulu amalumikiza makompyuta mazanamazana kuti agawane mtolowu. Ine yanga ndi imodzi, ndipo magetsi akathima ntchito ili pakati, ndimadikira.

Za ndewu ndilankhule ndi makolo. Chibakera chija sichifika pankhope. Chimadutsa patali ndithu, koma kamera amaiika kumbuyo kwa womenyedwayo kapena womenyayo kotero kuti mpatawo suoneka, ndipo womenyedwayo amagwedeza mutu pa nthawi yake monga anayeserera kwa milungu. Wolumpha kuchokera padenga amakhala atamangidwa zingwe m'chiuno, pansi pali matiresi, ndipo nthawi zambiri sakhala akila weniweniyo koma katswiri wolembedwa ntchito ya kugwa. Zingwezo amazifufuta chithunzi ndi chithunzi. Chithunzi chotchuka cha m'filimu ya The Matrix ya mu 1999, pamene munthu akuzinda zipolopolo nthawi itaima, anachijambula ndi makamera oposa 100 oikidwa mozungulira, iliyonse n'kutola chithunzi chake motsatizana. Ngakhale ndi chitetezo chonsechi, akatswiriwa amavulala, ena amafa kumene. Mwana akatuluka mu vidiyo n'kukwera mumtengo wa mango kuti akalumphe ngati akila, muuzeni za zingwezo. Amamva msanga akadziwa chinsinsi kusiyana n'kumukalipira.

Mbali yomwe ndimaikonda kwambiri, yomwenso ojambula athu ambiri amainyalanyaza, ndi ya phokoso. Tsekani mawu a filimu ya nkhondo kwa mphindi imodzi muone mmene imazizirira. Phokoso lambiri lomwe mumamva, mapazi, kukhuluza kwa jekete, chitseko, fupa kuthyoka, amalipanga pambuyo pake m'chipinda cha zii. Ntchitoyi amaitchula kuti foley, potengera dzina la Jack Foley yemwe ankaigwira ku kampani ya Universal. Munthu amaonera chithunzi n'kumaponda mchenga wa m'bokosi mogwirizana ndi mapazi a wosewera. Fupa lothyoka kawirikawiri amakhala masamba okhuthala akuthyoledwa pafupi ndi maikolofoni. Ine ndinayesapo nzimbe youma, imalira bwino kwambiri, ndipo chibakera ndimachipeza pomenya kabichi wokulungidwa m'nsalu yonyowa. Lata lakale ukaligwedeza limapereka bingu. Mwera ukamawomba usiku ku Senga Bay, ukaujambula n'kuuchedwetsa pa kompyuta, umamveka ngati chilombo chikupuma. Kulemera kwa loboti ya chitsulo kumachokera m'khutu. Chithunzi chingakhale chokongola bwanji, ngati phazi lake likutera mopepuka, woonera sakhulupirira.

Pa nkhani ya phokosoyi mpamene mafilimu amasiyana ndi sayansi poyera. Kumwamba kopanda mpweya phokoso siliyenda, chifukwa limafuna mpweya, madzi kapena chinthu cholimba kuti lidutsemo. Chombo chitaphulika kumeneko, wokhala m'chombo china sangamve kanthu. Moto nawo sungayake nthawi yaitali popanda mpweya woudyetsa. Ndipo mfuti ya kuwala munthu sangaizinde, poti kuwala kumathamanga pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi. Opanga mafilimu amadziwa zonsezi, koma amasankha zomwe zingagunditse mtima. Chosangalatsa n'chakuti kuyesa kuteteza dziko kunachitikadi. Pa 26 September 2022, chombo cha NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, chotchedwa DART chinawombedwa dala pa mwala wa mumlengalenga wotchedwa Dimorphos, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 11 miliyoni kuchokera kuno. Mwalawo sunkatiopseza, ankangoyesa ngati n'zotheka kupatutsa mwala wotere, ndipo nthawi yomwe umatenga kuzungulira mwala unzake waukulu inafupika ndi mphindi pafupifupi 32. Munalibe munthu m'chombomo. Munali ntchito ya akatswiri ambiri owerengera masamu kwa zaka.

Nanga n'chifukwa chiyani mwana uja anadandaula? Apa mpamene ndimaona kuti filimu yabwino ya mtunduwu imasiyana ndi yachabechabe. "Dziko lonse" ndi lalikulu kwambiri moti mtima sungalinyamule. Mukaonetsa nyumba chikwi zikugwa, woonera amangoti eee, n'kupitiriza kudya chimanga chake chootcha. Koma mukayamba mwamuonetsa mayi mmodzi akusakasaka mwana wake m'khwalala, nyumba iliyonse yogwa imamupweteka. Wolemba waluso amayamba watidziwitsa anthu awiri kapena atatu, amalola kuti akila agonje kaye pakati pa filimu, amaika wotchi yowerenga nthawi yotsala, ndipo amapatsa mdani chifukwa chomveka chochitira zoipazo. Mdani wongofuna kuwononga basi amatopetsa. Mawu akuti loboti omwewa ali ndi mbiri yoti Mmalawi aimve msanga. Anatchuka kudzera m'sewero la Karel Čapek la mu 1920, ndipo amachokera ku mawu a Chitcheki akuti robota, ntchito yokakamizidwa yomwe anthu wamba ankagwirira eni minda. Kwathu kuno tinkaitcha thangata. Nkhani ya maloboti oukira ambuye awo ndi nkhani ya ogwiritsidwa ntchito mopanda malipiro, ndipo agogo a ku Chiradzulu ndi ku Thyolo akanatha kuifotokoza bwino kuposa wina aliyense.

N'chifukwa chake zimandipweteka kuti m'mafilimu amenewa dziko limapulumukira ku New York kapena ku London nthawi zonse. Ku Uganda, Isaac Nabwana anayamba kupanga mafilimu a nkhondo ku Wakaliga, dera la anthu osauka mu Kampala, ndi ndalama zokwana pafupifupi madola 200 pa filimu, mfuti zowotcherera kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi nsalu yobiriwira yopachika pakhoma, ndipo anthu a m'mayiko ambiri anaonera. Pulogalamu ya Blender, yomwe imaumba maloboti ndi zombo, ndi yaulere pa intaneti. Malo ojambulira tili nawo kale. Nyale za asodzi a usipa zikandandalika panyanja usiku zimaoneka ngati mzinda woyandama. Magalasi a sola a ku Nanjoka, omwe anayamba kupereka magetsi mu 2021, ndi munda wachitsulo wooneka ngati wa m'zaka za kutsogolo. Njanji ya ku Chipoka ndi doko lake sizifuna kuwonjezerapo zambiri. Chomwe chimatisowa kawirikawiri ndi kudekha: kulemba nkhani mpaka itapsa, kudikira dzuwa loyenera, ndi kukhala sabata yathunthu pa phokoso lokha.

Mwana uja anabwera ku situdiyo Lolemba lake ataweruka kusukulu, pamodzi ndi mchemwali wake wamkulu. Ndinamuimika kutsogolo kwa nsalu yobiriwira, n'kumuuza kuti aloze kumwamba ngati waona chinthu choopsa. Kenako ndinamuika pamwamba pa miyala ya pachilumba cha Namalenje, kumbuyo kwake chombo chachikulu chikuvuuka m'madzi. Mchemwali wake anakuwa n'kugwira pakamwa. Iye anakhala phee, nkhope pafupi ndi sikirini, n'kuloza kunsi kwa mapazi ake. "Ankolo, chithunzithunzi changa chili kuti?" Ndinali ndisanachiike. Ndinamukokera mpando, n'kumufunsa kuti pachithunzipo dzuwa likuchokera mbali iti.