Mwana akamwa kositiki soda, musam'patse mandimu

Ndatopa nako kumva makolo akundiuza kuti "tinam'mwetsa mandimu kuti soda ithe mphamvu". Ambiri onena izi ndi anthu oti sukulu anapitako, ndipo anaphunzira kuti asidi, monga wa m'mandimu, akakumana ndi alikali, monga soda, zimathetsana mphamvu. Nzoonadi. Asidi wa hydrochloric mukamusakaniza bwino ndi sodium hydroxide, yemwe ndi kositiki soda amene amayi amapangira sopo, mumapeza madzi ndi mchere womwewu wa m'ndiwo, ndipo pH, muyeso wa mphamvu ya asidi kapena alikali, imafika pa 7, pomwe ndi pakatikati. Chimene amaiwala n'chakuti zinthu ziwirizi zikamathetsana mphamvu zimatulutsa kutentha, pafupifupi makilojoule 57 pa magalamu 18 alionse a madzi opangidwa. M'labotale kutenthako kumathera m'galasi. Mwa mwana kumathera kummero komwe kwapsa kale.

Mpaka lero ndimamuonabe kamnyamata kena ka zaka 3 kamene ndinakalandira kuchipatala nthawi ina. Mayi ake anasungunula soda yopangira sopo n'kuithira m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Kamwanako kanayesa ndi madzi. Agogo, pofuna kupulumutsa mdzukulu, anakafinyira mandimu m'kamwa, kenako anakapisa chala kukhosi kuti kasanze. Choncho soda ija inawotcha kawiri, potsika ndi pokwera. Atatero anapita kwa munthu wina wogulitsa mankhwala pamsika amene anawapatsa zomwetsa, nati m'mawa kadzuka bwino. Anafika kuchipatala patapita masiku awiri, milomo itatupa, malovu akungochucha pachifuwa chifukwa kumeza kunali kosatheka. Sabata zingapo pambuyo pake zilonda zinapola koma zipsera zinapanikiza njira ya chakudya, moti nsima inakanika, ngakhale phala lamadzimadzi limabwerera. Nkhope ya agogo aja sindidzaiiwala, chifukwa anachita zonsezo ndi chikondi.

Tsono ndimvereni. Kaya mwana wamwa soda kaya asidi wa m'batire ya galimoto, musamusanzitse, musam'patse mandimu, viniga, phulusa kapena mafuta ophikira. Mutsukeni m'kamwa, nyamulani botolo lomwe wamwera, thamangani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale m'kamwa mukuoneka bwino. Kummero kukhoza kupsa kwambiri milomo isanaonetse kanthu. Zikagwera pakhungu kapena m'maso, vulani zovala zonyowazo ndipo thirani madzi ambiri oyera kwa mphindi zosachepera 20.

Alipo malo amene kuthetsana mphamvu kumeneku kumathandiza. Mapiritsi a magnesium trisilicate amene timapereka pa chilungulira amachepetsa asidi wa m'mimba, koma ndi alikali wofooka, woyesedwa mlingo. Ngakhale apa ndili ndi dandaulo. Ena amangosungunula soda wophikira therere n'kumamwa usiku uliwonse. Kugeya kumene kumatsatira ndi mpweya wa carbon dioxide wotuluka pamene soda wakumana ndi asidi, sikuchira ayi. Ululu umazilala kwa kanthawi pomwe chilonda cha m'mimba chikukulirakulira, ndipo munthu amabwera kwa ife atayamba kusanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda ngati phula.

Inu amayi a m'magulu opanga sopo, chonde soda yanu isalowe m'botolo la zakumwa. Ikani m'chigubu chotseka bwino, lembanipo dzina lake, ndipo chikhale pamwamba pomwe mwana sangafike ngakhale atakwera pampando.