Nsapato zatsopanozo zisiyeni kunyumba

Chaka chilichonse Show, chionetsero cha zaulimi cha kuno ku Harare, ikangotha ku Exhibition Park kumapeto kwa Ogasiti, benchi ya panja pa chipinda changa imadzaza ndi anthu otsimphina. Disembala ndi chimodzimodzi, ana akatsekera sukulu makolo n'kuwatengera ku makatungwe a ku Longcheng ku Belvedere, kapena amene thumba lawo likulemera akakwera basi mpaka ku malo a zisangalalo a Gold Reef City ku Johannesburg. Ine ntchito yanga ndi ya mafizo, ndipo funso langa loyamba silisintha: munavala chiyani? Yankho nalo ndi lomwelomwelo. "Ndinagula zatsopano, adokotala, kuti ndikatchene." Ndatopa nalo yankho limeneli.

Phazi lili ndi mafupa 26, ndipo likagwira ntchito maola angapo padzuwa limafufuma. Nsapato imene inakukwanani bwinobwino m'mawa, pofika 3 koloko masana yayamba kuluma. N'chifukwa chake nsapato timayesa madzulo, phazi litafufuma kale, ndipo kutsogolo kwa chala chachitali kuzitsala mpata wolowa chala chamanthu. Mukagula, muivale kaye masabata awiri kapena atatu popita kumsika ndi kutchalitchi, isanakawone Show. Za ku msika wa kaunjika wa Mupedzanhamo sindikuzinyoza, inenso ndimagulako. Koma muzitembenuza muone kunsi. Ngati chidendene chinadyeka mbali imodzi, nsapatoyo inazolowera kuponda kwa mwini wake woyamba, ndipo bondo lanu ndi limene lidzalipire. Patapata ndi wa kubafa, pamenepo tisataye nthawi.

Ambiri amada kuyenda, koma chimene chimatopetsa miyendo kwambiri m'malo amenewa ndi kuima pamzere, pasimenti, mwana ali kumsana. Poyenda akatumba amafinya mitsempha n'kumakankhira magazi kumtunda. Mukaima chilili mphindi 40 kudikira kuti ana akwere, magazi ndi madzi zimangotsikira ku akakolo. Ndiye pamzerepo musaime ngati mtengo: kwezani zidendene, tsitsani, kakhumi kapena kupitirira, pakapita kanthawi mubwerezenso. Khalani pansi mwendo usanakuuzeni. Mutenge masokosi awiri, ena mukasinthe masana, chifukwa a thonje amasunga thukuta, ndipo khungu lonyowa likamakhulana ndi nsapato ndi pamene matuza amabadwa. Pamene mwamva kuti payamba kutentha, vulani pomwepo mumatepo pulasitala, osadikira kuti mufike kaye kunyumba.

Ndiye pali aja amene tsiku ndi tsiku amakwera kombi pageti n'kukatsikira pakhomo pa ofesi, koma akufuna tsiku limodzi ayende kuyambira m'mawa mpaka magetsi atayaka. M'mawa mwake akaponda pansi, chidendene chimalasa ngati aponda msomali. Pansi pa phazi pali mtsempha wokhuthala wochokera kuchidendene kukafika kuzala, ndipo ndi umenewo umene wakwiya. Gubuduzani botolo la madzi oundana kuphazi mphindi khumi, tsamirani khoma mukoke katumba masekondi 30 kangapo patsiku. Chikanakuthandizani kwambiri n'kuyenda theka la ola tsiku lililonse, masabata atatu ulendo usanafike.

Onsewa amachira. Amene sandichoka m'mutu ndi agogo ena a kuno kwathu, a banja lija makolo awo anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito, amene ndinkacheza nawo m'Chichewa nthawi zonse. Anali ndi shuga kwa zaka zambiri. Adzukulu, mwa chikondi ndithu, anawagulira nsapato zakuda zonyezimira n'kuwatengera ku Show. Anayenda tsiku lonse, anaona ng'ombe ndi mathirakitala, osadandaula ngakhale kamodzi. Kusadandaulako ndiye kunali vuto. Shuga akakhalitsa amapha mitsempha ya kumapazi, munthu amangomva dzanzi, moti nsapato ikhoza kumusenda khungu iye akuseka. Thuza linaphulika m'mbali mwa chala chaching'ono. Analiona patapita masiku, sokosi itamatirira.

Kuchoka apo zinthu zinayenda mmene zimayendera nthawi zonse. Wina anati aviike phazi m'madzi otentha a mchere, ndipo poti sankamva kutentha, anapsa. Wina anabwera ndi sipiriti. Kenako kunapezeka wodziwa zonse amene ananena kuti agogo anaponda mankhwala pakati pa chigulu chija, n'kuwatema mphini kuzungulira bala, n'kupakamo zakuda. Anafika kuchipatala patadutsa masabata atatu, fungo litayamba. Kwa ine anabwera madokotala atachotsa kale zala ziwiri, kuti ndiwaphunzitse kupondanso. Tsiku lina tili pakati pa mafizo anandifunsa kuti, "Mwanangu, kodi kathuza kokha kaja?" Ndinangoti inde, agogo, kokha kaja. Mdzukulu amene anagula nsapatozo anali ataima pakhomo, sanalowe.

Choncho ngati muli ndi shuga, kapena mwatenga kholo la shuga, madzulo a tsiku la ulendo muone mapazi ndi maso, pakati pa zala ndi kunsi komwe. Ngati simungawerame, ikani kalilole pansi. Mukapeza bala kapena thuza, ngakhale laling'ono ngati njere ya mapira, kukacha mupite kukiliniki. Musaliboole ndi singano, musaliviike, ndipo pasafike lezala la munthu aliyense.

Za ochiritsa a m'misewu ndilankhule mosabisa. Makina aja oviikamo mapazi madzi n'kusanduka a dzimbiri, amene amati akutulutsa poizoni m'thupi, mtunduwo umachokera ku zitsulo za makinawo zikakumana ndi mchere ndi magetsi. Madziwo amada ngakhale musaikemo phazi. Mapiritsi ogula pathebulo pa Mbare Musika, amene akhala padzuwa tsiku lonse, simudziwa kuti muli chiyani. Ngakhale diclofenac kapena ibuprofen weniweni wa ku famase, munthu wa zilonda za m'mimba, wa impso kapena wa BP asamangomwa ngati mtedza, makamaka atatha tsiku lonse akutuluka thukuta osamwa madzi. Choipanso n'chakuti amabisa ululu inu n'kumapitiriza kuponda. Ngati pamwamba pa phazi pali malo amodzi oti mukaloza ndi chala mumadumpha, ndipo sabata yatha osasintha, kafupa kakhoza kukhala kuti kang'aluka. X-ray nthawi zina siionetsa m'masabata awiri oyamba, ndiye mukauzidwa kuti mubwerenso, mubwerenso.

Inu opita ku Johannesburg, chomaliza ndi chanu. Ulendo wa basi umenewo ndi wa makilomita oposa 1,000, kuphatikizapo maola odikira pamalire pa Beitbridge, miyendo itapindika, katundu ali pamapazi. Miyendo yonse iwiri ikafufuma pang'ono n'kuphwa mutagona mutaikweza pa pilo, palibe chodetsa nkhawa. Koma ukatupa umodzi wokha, katumba akuwawa, akutentha, mwina khungu litasintha mtundu, magazi akhoza kukhala kuti aundana mumtsempha. Pamenepa ndi pamene ndimachita mantha ndi achibale achifundo obwera ndi mafuta kuti akusisiteni. Musalole. Chibuma cha magazicho chikasuntha chimakatseka m'mapapo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukayamba kubanika kapena kumva kulasa pachifuwa, musadikire kuti kuche: pezani galimoto, pitani kuchipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, ndipo pakhomo pomwe munene kuti mwendo umodzi watupa ndipo mwangotsika basi ya ulendo wautali.