Thiraki yanu ya limoti yapelewera pa sikelo: magalamu owonjezerawo muwaike pati?

Mu Julaye 2024, George Russell anakhala woyamba kufika pa mzere womaliza mu mpikisano wa Formula 1 ku Spa-Francorchamps, m'dziko la Belgium. Chimwemwe chake sichinakhalitse. Ataikweza pa sikelo, galimoto yake ya Mercedes inapezeka kuti yapelewera ndi kilogalamu imodzi ndi theka pa makilogalamu 798 amene lamulo linkafuna chaka chimenecho. Anamulanda chipambanocho n'kupatsa mnzake Lewis Hamilton.

Lamulo ngati lomweli limagwiranso ntchito pa tigalimoto toyendetsa ndi limoti, timene anthu amapikisana nato m'mabwalo a dothi ndi a kapeti. Bungwe la IFMAR, lomwe linakhazikitsidwa mu 1979, ndilo limayang'anira mipikisano ya dziko lonse, ndipo pansi pake pali mabungwe ngati ROAR ku America ndi Canada, komanso EFRA ku Ulaya. Gulu lililonse la magalimoto lili ndi kulemera kwake koyambira. Mathiraki otchedwa short course, amene anatchuka kuyambira mu 2008 kampani ya Traxxas itatulutsa Slash, ndi ochepa kakhumi poyerekeza ndi thiraki yeniyeni, aatali kupitirira theka la mita. Okoka ndi matayala akumbuyo okha amafunika kulemera kupitirira pang'ono makilogalamu awiri, pomwe okoka ndi matayala onse anayi malire awo ndi okwererapo. Nambala yeniyeni muione m'buku la malamulo la kumene mukukapikisanako, chifukwa imasiyana bungwe ndi bungwe.

N'chifukwa chiyani thiraki yogula kusitolo imatha kupelewera? Nkhani yaikulu ndi batire. Kale anthu ankagwiritsa ntchito mabatire a NiMH a maselo asanu ndi limodzi, amene ankalemera pafupifupi magalamu 400. Atabwera a LiPo a maselo awiri, kulemera kunatsika ndi magalamu oposa 100, ndipo aafupi aja otchedwa shorty ndi opepuka kuposa pamenepo. Muwonjezerepo bodi yopyapyala ndi masikuluu a titanium kapena aluminiyamu m'malo mwa achitsulo, mupeza kuti thiraki yatsikira pansi pa malire.

Ambiri akauzidwa kuti thiraki yawo yapelewera ndi magalamu 80, amadandaula ngati alipitsidwa chindapusa. Ine ndimaona kuti munthu wotereyu ali pabwino kuposa mnzake amene thiraki yake yakwanira yokha. Mnzakeyo kulemera kwake kunamwazikana kale, kwina kuli m'bodi, kwina m'mawaya, kwina m'zipilala zonyamula ma shock, ndipo sangakusunthe. Inu muli ndi magalamu 80 oti muike pamene mukufuna. Thiraki zonse ziwiri ziwerenga chimodzimodzi pa sikelo, koma sizikhota chimodzimodzi. Ndiye chifukwa chake akatswiri amayamba apepukitsa thiraki mwadala, kenaka n'kubwezeramo kulemerako okha.

Lamulo loyamba ndi lakuti muike pansi, pansi penipeni, pa chasisi, puleti ya pansi imene imanyamula zida zonse za thiraki. Aliyense amene anaonapo njinga itasanjikizidwa matumba a makala mpaka kupitirira mutu wa woyendetsa amadziwa mmene imayepera pokhota, pomwe matumba omwewo atamangidwa m'munsi imayenda mokhazikika. Thiraki ya short course ili ndi vuto lomweli chibadwire: bodi yake ndi yaikulu, yaitali, yophimba matayala onse. Pabwalo pamene matayala akugwira kwambiri, thiraki siterereka pokhota, imangotukula matayala a mkati n'kugadabuka. Galamu iliyonse yoikidwa pansi imatsitsa pakati pa kulemera kwa thiraki yonse, ndipo kugadabukako kumachepa. Malo abwino koposa ndi pansi pa batire, ndipo makampani amagulitsa timapuleti topyapyala ta chitsulo kapena brass topangira malo amenewa.

Chachiwiri, yang'anani kumanja ndi kumanzere. Mota, servo (kachida kokhotetsa matayala) ndi ESC (kachida kolamulira liwiro la mota) sizikhala pakatikati, choncho mbali imodzi imalemera kuposa inzake. Thiraki yotere imakhota bwino mbali imodzi, mbali inayo imakana, ndipo ikadumpha imatera chopendekeka. Amene ali ndi masikelo anayi amaika tayala lililonse pa sikelo yake n'kuwerengera. Ngati mulibe, masikelo awiri a kukhitchini ofanana msinkhu akwanira: matayala akumanja pa ina, akumanzere pa inayo, thabwa lili pakati pa tayala ndi sikelo. Magalamu anu oyamba apite ku mbali yopepukayo.

Pamene pamavuta, ndiponso pamene oyendetsa amatsutsana mpaka dzuwa kulowa, ndi kusankha pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Thiraki yokoka ndi matayala akumbuyo imafuna kulemera pamwamba pa matayalawo kuti agwire nthaka. Pabwalo la dothi louma, lafumbi, mukaponda moto potuluka pakona matayala amangopalasa, kumbuyo n'kuzungulira. Apa kulemera kupite chakumbuyo. Koma pa kapeti kapena dongo lonyowa lotsendereka, kumbuyo kumagwira kale mokwanira, vuto limakhala lakuti mukaponda moto kutsogolo kumapepuka, thiraki n'kukana kukhota, kumangolunjika kunja kwa kona. Apa kulemera kupite chakutsogolo, ndipo ambiri amachotsa bulkhead (chida chogwirizira mikono ya matayala akutsogolo ku chasisi) ya pulasitiki n'kuikapo ya brass. Chifukwa chomwechi ndicho chinasamutsa mota: magalimoto akale inkakhala kuseri kwa matayala akumbuyo, koma mipikisano itachulukira pa kapeti ndi dongo, makampani anaibweretsa pakati.

Pali chinanso chimene anthu amachiiwala. Magalamu 40 oikidwa kunsonga ya kutsogolo ndi ena 40 kunsonga ya kumbuyo, pa sikelo amaoneka ofanana ndi magalamu 80 oikidwa pakati. Pabwalo n'zosiyana. Kulemera kukakhala kunsonga, thiraki imachedwa kuyamba kukhota, imachedwanso kusiya kukhota, ndipo ili m'malere simvera msanga mukaponda moto kuti mutukule mphuno kapena buleki kuti muitsitse. Kukakhala pakati, imatembenuka mwachangu. Kwa ongoyamba kumene, thiraki yaulesi pang'ono si yoipa, imakhululuka dzanja likanjenjemera. Pabwalo la makona othinana ndimalangiza pakati.

Musaike m'matayala kapena pa chilichonse chozungulira. Mota iyenera kuchikankha kutsogolo komanso kuchizunguza, ndipo ma shock amavutika kugwira tayala lolemera likagunda bampu.

Nanga muikemo chiyani? Kachidutswa kotalika sentimita imodzi mbali zonse kamalemera magalamu 7.8 kakakhala kachitsulo, pafupifupi 8.5 ka brass, 11.3 ka mtovu, ndi 19.3 ka tungsten. Choncho tungsten imalowa pamalo ochepa kwambiri, n'chifukwa chake a Formula 1 amaikonda, koma mtengo wake ndi wowawa. Zotsika mtengo ndi tizitsulo tomata tija timene okonza matayala amaika m'marimu pochita balansi, timabwera togawidwa m'magalamu 5 ndi 10. Mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana. Mayiko a European Union analetsa tizitsulo ta mtovu ta m'matayala mu 2005. Ngati ndi umene muli nawo, musaupale ndi tupa, muukulunge ndi tepi, ndipo musambe m'manja. Musanamate kalikonse pukutani chasisi ndi spiriti, chifukwa guluu sagwira pa fumbi, ndipo kachitsulo kakagwa pakati pa mpikisano mwabwerera pansi pa malire. Chilichonse chosongoka chisakhudze batire ya LiPo, ikabooka imayaka.

Mukamaliza, yezaninso kutalika kwa chasisi kuchoka pansi. Masipuling'i anyamula katundu watsopano, thiraki yakhala pansi pang'ono, ndipo ingamagunde mimba potera. Kusuntha makolala a pa ma shock, timphete tofinya masipuling'i, kumabwezeretsa msinkhuwo.

Oyeza amaika thiraki pa sikelo ili yokonzeka kuthamanga, bodi, batire ndi transponder (kachida kothandiza kuwerengera nthawi) zili momwemo, ndipo kawirikawiri amayezanso mpikisano ukangotha. Matayala amadyeka, bodi imapalika. Sikelo ya kwanu ingasiyanenso ndi yawo ndi magalamu angapo, ndipo yawoyo ndiyo imaweruza. Muyeze pa sikelo yawo m'mawa musanayambe, ndi batire yopepuka kuposa onse amene muli nawo ndiponso matayala akale, ndipo musiye magalamu 10 kapena 15 pamwamba pa malire. M'gulu la stock, momwe aliyense ali ndi mota ya mphamvu yofanana, musapitirire pamenepo. Koma ngati mota ndi yamphamvu ndipo bwalo ndi la mabampu, yesani kuwonjezera ena 30, muwerenge nthawi imene mukutenga pozungulira bwalo, muone ngati thiraki yakhazikika. Lamulo limangotchula poyambira, silinaletse kupitirira.